Dzina la Mwana Wamtayo

Anselmo atafika kuchokera kudimba, khasu lili paphewa, anapeza apongozi ake aakazi, aNambewe, ataima pabwalo la nyumba yake. Anangoti chilili. Chikwatirire Jesinta n'kubwera kudzakhala chikamwini kuno kwa Mphunzi, anali asanawaonepo aNambewe ataponda pabwalo limenelo iye alipo. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire, monga umakhalira ulemu wa mkamwini ndi apongozi. Tsiku limeneli sanapatuke. Anangotembenuka n'kumulozetsa msana.

Jesinta anali atakhala pakhonde, atatambalitsa miyendo yake yotupa pamphasa, dzanja lili pamimba. Mimba inali itakula, masiku ake ali pafupi. Sanadzuke kudzalandira khasu.

"Jesinta," anatero aNambewe mokweza, maso ali kuphiri, "uwafunse amuna akowa ngati ndi zoona zimene ndamva kuchitsime."

"Akuti ndi zoona kodi?" Jesinta anafunsa osadzutsa mutu.

Anselmo anatsitsa khasu n'kunyonyomala. "Zotani, amayi?"

"Uwauze asayankhe ine! Uwafunse ngati dzulo kumphakati anaima pamaso pa anthu, amuna ndi ana omwe, n'kuwerenga nkhani ya mtayo wako. Uwafunse ngati anautcha dzina."

"Ndi nkhani yopeka, amayi. Mayina ndinasintha, mudzi ndinasintha."

"Anasintha mayina! Ukumva, Jesinta? Mkamwini wolima kachewere, mwana wa katekisiti, mkazi wake anachira chaka chatha mwana atafera kale m'mimba. M'mudzi muno alimo angati otero? Amayi onse akumphakati ankangoyang'ana pansi. Lero wina wandifunsa ndikutunga madzi, akuti, 'Kani mdzukulu wanu uja anali Tikondwe?' Ine kumva dzina la mdzukulu wanga kuchitsime!"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mawa mmawa akubwera atsibweni ako. Amuna akowa akonzeke." Atatero anachoka osacheuka.

Jesinta anadzuka movutikira, atagwira mzati wa khonde. Anselmo anatambasula dzanja kuti amuthandize, koma iye analikankha. Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko mpaka fumbi linayoyoka kudenga.

Anselmo anakhala pansi pomwepo, matope akumuumira m'miyendo. Sanadziwe ngati agogode kapena angokhala.

Iye anakulira ku Linthipe. Bambo ake anali katekisiti, ndipo ankamukweza kumbuyo kwa njinga popita kukayendera odwala ndi kukatsogolera mapemphero pamaliro. Kumeneko ndi kumene anaphunzirira kukhala chete n'kumayang'ana anthu. Analowa seminale yaying'ono, koma bambo ake atamwalira anabwerera kunyumba kukathandiza mayi ake. Unsembe unatha, koma cholembera sanachisiye. Ankalembera achinyamata masewero a Khirisimasi ndi a Pasaka, ndipo anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Koma mtima wake sunali pa zoseketsa. Ankaona kuti m'tchalitchi muli anthu okhala kumbuyo amene amabwera ndi katundu mumtima n'kubwerera naye chimodzimodzi, chifukwa ulaliki sunamukhudze. Ankati Ambuye Yesu sankalalikira za kutali, ankakamba za mayi wokanda ufa ndi za mbusa wotaya nkhosa. Iye ndi mnzake wa kuseminale, a Godfrey, amene tsopano ankaphunzitsa ku Dedza boma, anagwirizana ndi anzawo ena ochepa kuti azisindikiza timabuku ta nkhani za Chichewa, zoti mlimi awerenge n'kudzipezamo, n'kupezamonso Mulungu. Kabuku koyamba kanali m'njira. Ndipo nkhani imene Anselmo anapereka inali imeneyi.

Chaka chapitacho, nthawi yokolola, anadikira panja pa chipatala mpaka azakhali a Jesinta anatuluka n'kumuuza mawu amodzi okha: "Zalephereka." Anamuuza kuti abwerere kumudzi. Mwana anamukulunga m'chitenje, amayi okhaokha anakamutaya kumene amatayako ana otere, kumene mwamuna sapondako. Belu silinalire. Nyimbo sinaimbidwe. Mmawa mwake atsibweni a Jesinta anamuuza kuti atenge khasu apite kumunda ngati tsiku lina lililonse. Palibe amene anati pepani. Atafunsa Jesinta kamodzi kokha, iye anayankha kuti, "Sitikamba." Choncho zimene sankakamba anazilemba: bambo wina akulankhula ndi mwana wake wamwamuna amene sanamuonepo, akumutcha Tikondwe, akumuphunzitsa kuunga mizere ya kachewere, kenako akumupereka m'manja mwa Yesu. Ndipo dzulo lake kumphakati, atawerenga Mthenga Wabwino woti "Alekeni ana adze kwa Ine," mtima wake unatentha, anapempha mpata n'kuiwerenga.

Mmawa kunacha ndi nkhungu. A Alufeo, atsibweni a Jesinta, mwini mbumba, anafika atavala chijasi chawo chakale, kolona ili m'khosi. Anakhala pampando pansi pa mtengo wa pichesi. Jesinta anakhala pamphasa chapatali. ANambewe anakhala kuseri kwa nkhokwe, pomveka mawu koma posaoneka nkhope.

"APhiri," anayamba a Alufeo atayang'ana Anselmo, "ankhoswe anu sindinawaitane dala. Ndikawaitana ndiye kuti nkhani yakula. Tikambe apachibale. Inu mwina mukuganiza kuti kuno ndi kwa akunja. Ife Chikatolika sitinachiyambe dzulo ayi. Njerwa za tchalitchi chimene mumawerengamo mawucho anasenza pamutu ndi mayi anga. Ndikunama, achemwali?"

"Simukunama," anayankha aNambewe kuseri kwa nkhokwe.

"Koma mtayo salira, satchula, safunsa. Si za mdima zimenezi. N'kuteteza wamoyo. Mayi akalira, mimba imamva, imatseka. Mukautcha dzina, mwauitana, ubwera kudzatenga mnzake. Tsono inu mwadikira mpaka mwana wathuyu watopa chonchi, ndiye mwaima pagulu n'kuitana."

"Atsibweni," anatero Anselmo, mawu ali otsika, "ine sindinafune kunyoza mwambo. Koma mwanayo anali munthu. Mulungu anamuumba, akumudziwa. Ine ndinalibe pomulirira. Ndipo sindili ndekha, alipo ambiri amene akufa ndi zimenezi mumtima."

"Ngati Mulungu akumudziwa, mphakati ukumufuniranji?"



"Jesinta," anaitana aNambewe, "uwauze amuna akowa kuti ine ndinataya atatu. Atatu! Sindinagwetse msozi ngakhale umodzi. Ndinkaluma chitenje mpaka chinabooka, kenako n'kusenza ndowa kupita kuchitsime ndikuseka ndi anzanga. Iwo akuganiza kuti sizinkandipweteka? Ndinakhala chete, ndipo iwe unabadwa ukulira. Imeneyo ndiyo mphotho yanga. Tsono abwere munthu wochokera ku Linthipe ndi pepala kudzandiphunzitsa kulira? Ukafa iweyo, adzandilembera nkhani, ndiziyamwitsa nkhaniyo?"

Anayamba kulira mokweza kuseri kwa nkhokweko. Jesinta naye anaphimba nkhope ndi chitenje.

A Alufeo anakweza dzanja. "Zachitika zachitika. Anamva ndi anthu ochepa, adzaiwala. Mapepalawo mutipatse, tiwaotche, tipemphere, nkhani ithe."

Anselmo akanatha kukhala chete, koma bodza linamukanika. "Atsibweni, nkhaniyo ili kale kwa osindikiza. Ituluka m'kabuku."

"M'chiyani?"

"M'kabuku. Kopita m'matchalitchi."

A Alufeo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Kani munthu angaphunzire mpaka nzeru kutha. APhiri, mudye, mukwere njinga, mukaichotse nkhani imeneyo. Mukapanda kutero, musankhe: kabuku kapena mkazi. Mudzi uno ndi wa amayi awa. Inu munabwera ndi chikwama."

Akulu atabalalika, Anselmo anatsatira Jesinta m'nyumba. Anamupeza atakhala pabedi, akupinda tinsalu ta mwana n'kumatipindanso.

"Jesinta, ndimvere. Iwe umadziwa mtima wanga. Amayi ndi atsibweni akulankhula mwa mantha, koma iwe ndi ine timapemphera limodzi. Ukukhulupiriradi kuti dzina lingaphe mwana?"

"Sindikudziwa," anayankha. "Sindikudziwa chimene chinapha woyambayo. Adokotala sanandiuze, abambo mfumu sanandiuze, inunso simukudziwa. Ndiye mukandifunsa ngati ndikukhulupirira, ine ndingoti ndikuopa. Mwanayu akangokhala phee pang'ono, mtima wanga umaima. Inu mumakhala mukulemba."

"Ndinalembera ifeyo."

"Ifeyo? Munandifunsa?"

"Unati sitikamba."

"Ndiye munaganiza zokakamba ndi mphakati wonse!" Anaponya tinsalu tija pansi. "Ine ndine amene ndinamunyamula. Ine ndine amene mkaka unkatuluka popanda woyamwa, ndikumanga mabere ndi nsalu, inu muli kudimba. Ndakhala chete chaka chonse, osati chifukwa ndilibe pakamwa. Ndinali nako kanthu kamodzi kokha kanga ndekha. Inu mwakatenga, mwakaveka zovala zanu, mwakaimika pagulu."

Anselmo anagwada pafupi ndi bedi. "Ndikhululukire. Ndinangofuna kuti mwana wathu akhale ndi dzina, kuti mnyamata wathu asatayike ngati..."

"Mnyamata?" Jesinta anaseka, misozi ikutsika. "Andiuza kuti munalemba kuti mumamuphunzitsa kuunga mizere. APhiri, anali mtsikana."

Anselmo anadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Anali mtsikana. Anali ndi tsitsi lambiri, lakuda bii. Anandilola kumuona pang'ono pokha asanamukulunge. Makutu anali anu. Inu mwalira mwana wina, wa m'mutu mwanu, ndipo anthu onse akulira naye. Wangayo, palibe amene wamulira mpaka lero."

Anselmo anagwetsa mutu pamaondo a mkazi wake n'kulira ngati mwana. Jesinta sanamukankhe, komanso sanamugwire.

"Pitani mukaichotse," anatero kenako. "Ndipo zimene ndakuuzanizi musadzazilembe, musadzauze munthu. Lumbirani."

"Ndalumbira."

Anapalasa njinga mpaka kumsewu waukulu, n'kukhotera kuboma, mphepo yozizira ikumubaya m'maso. Njira yonse ankapemphera pemphero limodzi lokha, kuti akapeze makina asanayambe. Anawapeza a Godfrey pakhomo pawo akuchapa malaya. Atangomuona anadzuka ndi chisangalalo, thovu lili m'manja.

"Mlembi wamkulu! Ndimati ndikuimbireni. Dikirani pomwepo." Anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku kachikuto chobiriwira. "Onani! Dzina lanu ili apa. Nkhani yanu taiika poyambirira. Mayi wotayipa uja anasiya ntchito pakati kukalira panja."

Anselmo sanakalandire. "Godfrey, ndabwera kudzaichotsa."

"Kuchotsa chiyani?"

"Nkhaniyo. Banja langa likutha."

A Godfrey anapukuta manja pabuluku. Nkhope yawo inagwa. "Achimwene, mwachedwa. Makatekisiti anali ndi msonkhano wawo dzana. Tinaona kuti ndi mwayi, aliyense watenga mtolo wake. Ena apita ku Chongoni, ena kwanu komwe ku Linthipe, ena sindikudziwa n'komwe. Lamulungu likubwerali timabukuti tikhala tili pakhomo la tchalitchi chilichonse."

"Tiwaimbire. Tiwauze asagawe."

"Tiyesa. Koma ena alibe mafoni, ena ayamba kale kugawa m'miphakati. Ndipo muli nkhani za anthu enanso, adikira nthawi yaitali." Anamugwira paphewa. "Si zimene tinkapempherera izi? Kuti anthu awerenge zoona?"

"Si zoona," anatero Anselmo. Koma sakanatha kufotokoza chifukwa chake.

Anayesadi. Masiku otsatirawo Anselmo anazungulira ndi njinga, kukwera zitunda ndi kutsika, kufunafuna makatekisiti m'makomo ndi m'minda. Ena anamubwezera mitolo yawo modabwa. Ena anati timabuku tatha kale. Wina anamukumbatira n'kumuuza kuti Mzimu Woyera wamugwiritsa ntchito. Katekisiti wa kwawo kwa Mphunzi anamulonjeza kuti sagawa, koma Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi, Anselmo anaona mtsikana wina atanyamula kabuku kobiriwira kamene azakhali ake anamubweretsera kuchokera kutchalitchi china. Amayi anamuzungulira. Mmodzi anayamba kuwerenga mokweza. ANambewe anadutsa pakati pawo, mutu uli chowerama, osapereka moni kwa aliyense.

Lolemba a Alufeo anabweranso, ndipo ulendo uno anabwera ndi nkhoswe ya Anselmo, mkulu wake wa kwa bambo aang'ono, amene ankangoyang'ana nsapato zake.

"Tikudziwa kuti mwayesetsa," anatero a Alufeo. Mawu awo analibe ukali, anali otopa. "Njinga yanu taiona ikukwera ndi kutsika. Koma madzi akatayika saoleka. Achemwali anga sakudya. Akuti akamakuonani pabwalo pano, akuona maliro. Mwana wathuyu akufunika mtendere. Ndiye tagwirizana kuti mubapita kwanu. Ukwati sitinauthetse. Tidikire tione chimene Mulungu achite."

"Atsibweni, ndikupemphani," anatero Anselmo atagwada pafumbi. "Ndigona kukhitchini. Ndigona kudimba. Ulendo watha munandibweza pachipata cha chipatala. Musandichotsenso. Ndani amunyamule panjinga nthawi ikakwana?"

"Njinga m'mudzi muno zilimo."

"Jesinta, lankhula. Ukanena iweyo kuti ndikhale, ndikhala."

Onse anatembenukira kwa Jesinta. Iye anayang'ana kunkhokwe kumene kunali mayi ake, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Pitani, aPhiri," anatero. "Sindingathe kunyamula mimba, kunyamula amayi, n'kunyamulanso inu."

Jesinta anamulongedzera yekha chikwama. Anaikamo malaya, juzi, Baibulo ndi kolona. Njinga anati aisiye. Anamuperekeza mpaka pamene mpanda wa nyumba unathera, poti miyendo sinamulole kupitirira. Pamenepo anaima, akupumira m'mwamba.

"Sindikudana nanu," anatero motsitsa mawu. "Mwanayu akabadwa akulira, ndidzatuma munthu tsiku lomwelo, ndipo palibe amene adzakuletseni kulowa. Koma zikalepherekanso, musadzabwere. Mutu wanga udzadziwa kuti si inu, koma maso anga sadzatha kukuyang'anani."

"Ndizikupempherera tsiku lililonse."

"Pempherani. Koma chamumtima."

Anatembenuka n'kubwerera pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anselmo anaima mpaka anamva chitseko chikutsekedwa. Sanachimenyetse. Chinangotsekeka.

Nkhoswe yake inatsalira kuti itsirize kukamba ndi akulu, choncho anayenda yekha mpaka kumsewu waukulu. Minibasi yopita ku Lilongwe inaima, ndipo anadzipanikiza kumpando wakumbuyo pafupi ndi bambo wina wachikulire, wamanja okhakhala, amene anali ndi thumba la kabichi pakati pa miyendo. Galimoto itanyamuka, bamboyo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabuku kachikuto chobiriwira, kopindika kale m'makona. Ankawerenga ndi chala, milomo ikugwedera. Anselmo anayang'ana kuwindo.

Patapita kanthawi bambo uja anafwenthera, n'kupukuta m'maso ndi chikhatho.

"Pepani, achimwene," anatero. "Munthu wamkulu kulira m'minibasi, manyazi. Koma nkhani iyi ndaibwereza kangapo chigulire dzulo. Mwaionako?"

Anselmo anagwedeza mutu mosadziwika ngati akuvomera kapena akukana.

"Zinandichitikira ine zimenezi, kalekale, ana anga enawa asanabadwe. Anandiuza kuti ndipite kumunda. Ndinalima tsiku lonse osadziwa chimene ndikulima. Mpaka lero mayi akunyumba sitinakambepo. Dzulo ndawawerengera. Sananene kanthu, koma anabwera kudzakhala pafupi nane." Anatseka kabuku n'kukasisita. "Amene analemba izi, kaya ndi ndani, Mulungu amudalitse ndi banja lake lomwe. Ndikanamuona ndikanamugwira chanza ndi manja awiri."

Anselmo anafinya chikwama chake pachifuwa. Kunja minda yokololedwa inkadutsa, mapesi ataunjikidwa m'milumilu, ndipo patsogolo madenga a ku Linthipe anayamba kuoneka.

"Nanga inu, achimwene," anafunsa bambo uja, "muli ndi ana angati?"

Kondakitala anamenya chitseko kufunsa otsika. Anselmo anakweza dzanja. Anayang'ana bamboyo, maso atadzaza misozi.

"Tikudikira," anatero.